Foni ndi imodzi, mwana ali ndi zaka 5: timuikire app iti?

Loweruka lina mchemwali wanga anandiitana kuti ndikaone zimene mwana wake wa zaka 5 wayamba kuchita. Titakhala pamphasa pakhonde, mwanayo anaimirira, manja kumbuyo ngati tsiku lotsekera sukulu, n'kuyamba kutchula zilembo za Chingerezi kuyambira A mpaka Z osaphonya ndi chimodzi chomwe. Mayi ake chimwemwe chodzaza tsaya. Akuti zonsezo waphunzira yekha pa foni m'miyezi iwiri yokha.

Ine ndinatola khala pambaula yozima, n'kumupatsa kuti andilembere pasimenti mawu oti "ine". Anaganiza pang'ono, lilime lili panja, kenako analemba E wamkulu. Sikuti sanamve. Anandimva bwinobwino ndikuti "i", koma foni inali itamuphunzitsa kuti chilembo chimene dzina lake ndi "i" ndi E. Nditamulembera a, anati "eyi". Nditamulembera i, anati "ayi", ndipo tonse tinaseka chifukwa zinamveka ngati akukana. Mwana wodziwa zilembo 26 sanathe kuwerenga "amayi".

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuika ndi kuchotsa ma app a ana pa foni yanga, ndipo chimene ndaona n'chakuti funso loti "app yabwino kwambiri ndi iti" silithandiza. Ma app ambiri otchuka ndi abwinodi, koma anapangidwira mwana amene amalota m'Chingerezi, wokhala ndi tabuleti yakeyake ndi intaneti yosatha. Wathu amalota m'Chichewa, foni ndi ya amayi ake, yomweyo ndiyo ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo bandulo ikatha yatha. Choncho ndiyerekeza ma app amenewa poyang'ana mwana ameneyu.

Musanaikhulupirire app iliyonse, iyeseni kaye nokha usiku ana atagona. Ikani foni pa airplane mode, kachizindikiro ka ndege kaja, n'kutsegula app. Ikangozungulirazungulira osatseguka, dziwani kuti idzakudyerani bandulo tsiku lililonse. Kenako yatsani intaneti n'kusewera mphindi 10, mukuwerenga kuti zotsatsa malonda zatulukira kangati. Mu 2018 ofufuza a pa University of Michigan ku America anaunika ma app 135 otchuka a ana a zaka 5 kutsika m'munsi, ndipo anapeza kuti 95 pa 100 alionse anali ndi malonda a mtundu wina wake, kuphatikizapo ma app olembedwa kuti ndi ophunzitsa. Chala cha mwana sichisiyanitsa batani la masewera ndi batani la malonda. Chomaliza, mverani chinenero: kodi mwana wanu akamva malangizowo adziwa chochita, kapena azingodinadina mpaka china chake chiwale?

Yolankhula Chichewa, koma si ya m'thumba mwanu

Ndiyambe ndi imene ndimaiona kuti ndiyo yopangidwira mwana wathu weniweni. Bungwe la onebillion la ku Britain, limene analiyambitsa Andrew Ashe ndi anzake, lili ndi pulogalamu yotchedwa onecourse yophunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu. Mphunzitsi wa pa sikirini amalankhula Chichewa. Amaonetsa kaye mmene chinthu chimachitikira, kenako n'kumuuza mwana kuti ayese. Mwana akalakwa, samupitirira. Akakhoza, amamutengera patsogolo. Kuwerenga kumayambira pa maliwu ndi maphatikizo monga mmene aphunzitsi a Sitandade 1 amachitira: a e i o u, kenako ma me mi mo mu, kenako mawu athunthu.

Mbiri ya pulogalamuyi ndi ya kwathu konkuno. Mu 2013, pa sukulu ya pulaimale ya Biwi ku Lilongwe, Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anachita kafukufuku pa ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3. Anawagawa m'magulu atatu. Ena ankaphunzira masamu pa tabuleti mphindi 30 patsiku kwa milungu 8, ena ankapitiriza masamu a m'kalasi monga mwa nthawi zonse, ndipo gulu lachitatu linapatsidwa matabuleti omwewo koma opanda pulogalamu ya masamu. Amene anali ndi pulogalamu ya masamu anaposa anzawo, makamaka mu Sitandade 2 ndi 3. Ine chimene chimandigwira mtima ndi gulu lachitatulo. Anagwira tabuleti, anaisisita, anasangalala nayo, koma masamu awo sanakwere ngati a anzawo aja. Makolo ambiri timagula foni kapena tabuleti n'kumaganiza kuti chipangizocho pachokha chili ndi nzeru. Mulibe. Zimene mwaikamo ndizo zimaphunzitsa.

Kenako kunabwera mpikisano wa ma app ophunzitsa ana wotchedwa Global Learning XPRIZE, wa ndalama zokwana madola 15 miliyoni zimene anapereka Elon Musk. Ma app asanu anayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya m'chigawo cha Tanga ku Tanzania, pa ana pafupifupi 2,700, ambiri mwa iwo osapondapo kusukulu. Ana ankangopatsidwa tabuleti ndi malo otchajira a sola, popanda mphunzitsi. Mu Meyi 2019 onebillion inapambana limodzi ndi Kitkit School ya kampani ya Enuma. Poyamba, ana oposa 90 pa 100 alionse sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a Chiswahili. Pomaliza chiwerengerocho chinatsika ndi theka. Ndi chinthu chachikulu. Koma tachiwerengani chakumbuyo: patatha chaka ndi miyezi itatu, ndi ma app osankhidwa pa dziko lonse, ana ochuluka ndithu anali asanayambe kuwerenga. Ndiye wina akakuuzani kuti app yake iphunzitsa mwana wanu kuwerenga m'masiku 30 iye ali yekhayekha, musamutsutse, ingosungani ndalama zanu.

Mu 2023 boma la Malawi linayamba ndondomeko ya BEFIT, yopereka matabuleti okhala ndi onecourse m'sukulu, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Anayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga ndi kufikira sukulu zonse za pulaimale za boma, pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti amatchajidwa ndi sola, ana amavala mahedifoni, ndipo amasinthana m'magulu.

Vuto lake kwa kholo ndi lomweli: njira yaikulu imene mwana amaipezera ndi kusukulu. Si chinthu chimene mungachiike pa itel yanu madzulo ano kuti mwana wa zaka 4 ayambe mawa. Ngati mwana wanu ali kale ku pulaimale ya boma, pitani mukafunse aphunzitsi ngati matabuleti anafika, ndipo ngati anafika, funsani masiku ndi nthawi ya gulu la mwana wanu kuti asamajombe tsiku limenelo. Makolo ena amanyoza zimenezi poganiza kuti za boma n'zachabe, n'kumalipira app ya kunja imene siifika olo theka.

Ndipatuke pang'ono ndipite ku Zambia, chifukwa kumeneko kunachitika chinthu chofanana. Masewera otchedwa GraphoGame, ochokera ku University of Jyväskylä ku Finland, anawakonza m'Chinyanja n'kuwayesa pa mafoni ndi ana a Giredi 1 ku Lusaka mogwirizana ndi University of Zambia. Masewerawo ndi osavuta: mwana amamva liwu m'makutu n'kusankha chilembo chake. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti zinkayenda bwino kwambiri pamene aphunzitsi nawonso anali m'kati mwa ntchitoyo, osati ana okha. Chifinishi ndi Chinyanja n'zosiyana ngati usiku ndi usana, koma zimafanana pa chinthu chimodzi: mmene mawu alembedwera ndi mmene amatchulidwira. Ndiwo mwayi umene mwana wa Chichewa ali nawo. Akadziwa mavawelo asanu ndi kaphatikizidwe kake, akhoza kuwerenga mawu amene sanawaonepo. Chingerezi sichimulola kutero.

Mabuku a pa foni: yosaoneka bwino, koma ndi imene ndimaisunga

African Storybook ndi ntchito ya bungwe la Saide la ku Johannesburg, ndipo inayamba kupezeka pa intaneti mu 2014. Ndi nkhokwe ya timabuku ta zithunzi taulere m'zinenero zambirimbiri za mu Africa, ndipo Chichewa chilimo. App yake, African Storybook Reader, imakulolani kusunga mabuku m'foni n'kumawawerenga popanda intaneti. Mabuku anawagawa m'magawo asanu, kuyambira a mawu amodzi kapena awiri patsamba mpaka a ndime zitalizitali.

Ndikuchenjezeni pasadakhale: mwana mukamupatsa app imeneyi yekha, akubwezerani foni pasanathe mphindi ziwiri. Mulibe nyenyezi zogwa kumwamba, mulibe kanyama kovina. Ndi buku basi. Imafuna munthu wamkulu kapena mkulu wake wa Sitandade 5 akhale naye, aziwerenga, mwana akuloza zithunzi. Ena angati kumeneko ndi kufooka kwake. Ine ndimati ndiye mphamvu yake, chifukwa mwana wa zaka 3 kapena 4 amaphunzira kwambiri pamene wina akumufunsa kuti "mbuzi yapita kuti?" iye n'kuyankha, n'kutsutsa, n'kuwonjezera zakezake zoti mbuziyo ndi ya agogo.

Pofufuza mabuku, yang'anani pa Chichewa ndi pa Cinyanja pomwe, mupeza ochulukirapo. Koma dziwani kuti a ku Zambia amalemba c pamene ife timalemba ch, moti mupeza "cakudya" ndi "cinthu". Kwa mwana wongomvetsera zilibe kanthu, inu muziwerenga mmene mumalankhulira. Kwa amene wayamba kuwerenga yekha, yambani ndi a kalembedwe ka kusukulu kwake. Palinso mabuku ena omasuliridwa mothamanga, a Chichewa cholimba ngati nsima ya dzulo. Ayambeni mwawerenga nokha, osayenera muwasiye.

Ali ndi app inanso, African Storybook Maker, yopangira buku lanulanu ndi zithunzi za pa foni. Ine ndinajambula mphika, galu wa pakhomo, njinga ya atate ake ndi mtengo wa mango, n'kulemba mawu amodzi pansi pa chithunzi chilichonse. Mwa mabuku onse a m'foni, limene mwana wa mchemwali wanga amalifuna kawirikawiri ndi lomweli, chifukwa galuyo amamudziwa dzina. StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books la ku India nayonso ndi nkhokwe ya mtundu womwewu, ndipo kwa mabuku a Chingerezi chosavuta, zithunzi zake zimaoneka zapafupi ndi moyo wathu kuposa za ku Ulaya.

Zaulere za Chingerezi

Pano ndiye pali mpikisano weniweni, ndipo mayina atatu ndi amene amabwera kawirikawiri.

Khan Academy Kids inatuluka mu 2018, ndi ya ana a zaka 2 mpaka 8, yaulere kwathunthu, yopanda malonda, yopanda zoti mulipire kuti mutsegule gawo lina. Muli kuwerengera, mitundu, maonekedwe a zinthu, zilembo, mabuku, kujambula, ndipo mwana amatsogoleredwa ndi chimbalangondo chotchedwa Kodi ndi anzake. Pamafunika imelo ya munthu wamkulu polembetsa. Pa ma app onse a Chingerezi, iyi ndi imene ndingaike patsogolo, koma ndi zifukwa ziwiri zodandaulitsa. Choyamba, ndi yolemera. Pa foni yotsika mtengo imene yadzaza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp, idzakuvutani malo, ndipo mbali yaikulu ya maphunziro ake imafuna intaneti. Muli kagawo kotchedwa Kodi's Suitcase ka zinthu zoseweredwa popanda intaneti. Mukapeza Wi-Fi kuntchito kapena kwa mnzanu, dzazani kameneko. Chachiwiri, Chingerezi chake ndi cha ku America, chothamanga kwa mwana amene sanachizolowere. Chilembo chomaliza amati "zii" pamene aphunzitsi athu amati "zedi".

Malangizo anga pa app imeneyi ndi osavuta: kwa mwana amene sanayambe kuwerenga Chichewa, mutsegulireni za masamu, mitundu, kufananitsa zinthu ndi nkhani zomvetsera, koma za zilembo muzidikire kaye. Kuwerengera mabaluni asanu n'chimodzimodzi m'chinenero chilichonse, ndipo ku Malawi manambala timawatchula kale m'Chingerezi pamsika ndi m'minibasi. Palibe chimene chisokonezeke pamenepo. Zilembo ndiye nkhani ina. App idzamuuza kuti ph amatchulidwa ngati f, iye n'kukakumana ndi "phala" ndi "mphaka". Idzamuphunzitsa th wa lilime pakati pa mano, kunyumba akumwa thobwa. Idzamutayitsa nthawi pa q ndi x, zimene m'Chichewa mulibe, koma siidzamuuza kanthu za ng' wa ng'ombe, dz wa dzira kapena tch wa tchire.

Sindikunena kuti mwana sangaphunzire zinenero ziwiri. Amatha, ndipo ana athu ambiri amakula ndi zitatu. Kumva ndi kulankhula Chingerezi adakali wamng'ono n'kwabwino. Chimene ndikukana ndi kumuphunzitsa kumasula zilembo koyamba m'chinenero chimene sakuchimva, chimenenso kalembedwe kake n'kosokonekera, pamene ali ndi chake chosavuta. Amene wadziwa kuwerenga Chichewa amalowa m'Chingerezi atadziwa kale chinsinsi choti zilembo zimaimira maliwu ndipo maliwu akaphatikizana amapanga mawu.

Duolingo ABC inatuluka mu 2020. Ndi yaulere, yopanda malonda, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kuphunzitsa kuwerenga Chingerezi. Timaphunziro take n'tatifupi, mwana amatsata chilembo ndi chala, amamva liwu lake, amaphatikiza. Ndi yaukhondo, yosasokosa. Koma inapangidwira mwana wolankhula kale Chingerezi, amene akaona chithunzi amadziwa dzina lake, chimene akusowa n'kalembedwe kokha. Kwa mwana wa ku Leeds, Dublin kapena Cape Town amene ali ku nazale ya Chingerezi, imeneyi ndi yoyenera ndithu, mwinanso kuposa Khan pa nkhani ya kuwerenga. Kwa mwana wa ku Mponela amene Chingerezi amachimvera pa wailesi, ndi ya mtsogolo, akafika Sitandade 2 kapena 3.

Read Along ya Google ndi yosiyana ndi zonsezi chifukwa imamvetsera. Inayambira ku India mu 2019 ndi dzina loti Bolo, n'kufalikira m'mayiko ena mu 2020. Mwana amawerenga nkhani mokweza, ndipo kamtsikana ka pa sikirini kotchedwa Diya kamamutsatira, kumuyamikira akakhoza ndi kumuthandiza akakakamira. Akadina mawu, Diya amawatchula. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi woti inapangidwira mafoni otsika mtengo a Android, ndipo mukasunga nkhani m'foni imagwira ntchito popanda intaneti. Chichewa mulibe. Si ya mwana wa zaka 4. Ndi ya amene wayamba kale kuwerenga koma akuchita chibwibwi pa Chingerezi, ndipo pakhomo palibe womumvetsera. Imafuna malo achete, chifukwa makina omvetsera mawu amasokonezeka ndi tambala, wailesi ndi mwana wolira. Komanso musadabwe ikamukaniza mawu ena amene inu mukuona kuti wakhoza. Ife l ndi r timawasakaniza chibadwire, makina sadziwa zimenezo.

Ziwiri zina ndingozitchula mwachidule. Feed the Monster ya bungwe la Curious Learning inayamba m'Chiarabu, yopangidwira ana othawa nkhondo ya ku Syria, ndipo yamasuliridwa m'zinenero zambiri kuphatikizapo Chiswahili ndi Chizulu. Mwana amadyetsa kachilombo zilembo zoyenera kuti kakule. Ndi yopepuka, yosafuna intaneti, ndipo abale athu a ku Durban ndi Johannesburg amene ana awo akuphunzira Chizulu kusukulu angaipeze yothandiza. GCompris ndi yakale, inayamba m'chaka cha 2000 ku France pa makompyuta, ndipo ilipo pa Android. Muli masewera oposa 100 a kuwerengera, kukumbukira, mawotchi ndi kuganiza, popanda malonda ndi popanda intaneti. Maonekedwe ake ndi achikale, koma foni ikakhala ya ana atatu a misinkhu yosiyana, aliyense amapezamo chake.

Nanga YouTube?

Tinene zoona, app imene ana ambiri "amaphunzirira" ndi imeneyi, ndipo ndi kumene mwana wa mchemwali wanga anatenga A mpaka Z wake. Si zonse za pamenepo zoipa. Bungwe la Ubongo la ku Dar es Salaam limapanga makatuni ophunzitsa a ana a mu Africa, okhala ndi ana akhungu ngati lathu ndi midzi yooneka ngati yathu, ndipo mwana akati aonere kanthu, bola zimenezo. Koma kuonera si kuchita. Mwana amatha kuloweza nyimbo yonse ya manambala mpaka 20, inu n'kumupatsa miyala isanu ndi iwiri kuti awerenge, iye n'kufika 11. Kuwonjezera apo, vidiyo ikatha ina imayamba yokha, ndipo simudziwa kuti yachitatu ikhala yotani. YouTube Kids imasefako, koma malonda alimo ndithu, ndipo palibe chimene chimatha bandulo msanga ngati mavidiyo. Ngati mukufuna makatuni, sungani anayi kapena asanu amene mwawaonera nokha, muzimitse intaneti, ndiye mumupatse.

Zolipira

ABCmouse ya ku America ndi Lingokids ya ku Spain ndi zina mwa zimene zimatsatsidwa kwambiri. Ndi zokongola, zodzaza ndi zinthu, ndipo zimalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka, m'ndalama zakunja, kudzera pa khadi la ku banki. Kwa amene ali ku Malawi, kumene ndalama zakunja n'zosowa ndipo kwacha ikagwa mtengo umakwera wokha, sindikuona chimene zikupatsani choposa Khan Academy Kids yaulere ija. Kwa amene ali kunja ndipo khadi ali nalo, chenjerani ndi mawu oti "yesani mwaulere". Mu 2020 kampani ya Age of Learning, eni ake a ABCmouse, inavomera kulipira madola 10 miliyoni pothetsa mlandu umene bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linaisumira, woti inkapitiriza kudula anthu ndalama popanda kuwauza momveka ndipo kusiya kunali kovuta. Mukalembetsa zoyesa pa app iliyonse, lembani tsiku lothera pakalendala ya kukhoma.

Oipitsitsa si olipira poyera amenewa, koma timasewera tambirimbiri ta pa Play Store tokhala ndi mayina ngati "ABC Kids" chakutichakuti, topangidwa ndi anthu osadziwika, taulere pakhomo koma m'kati muli malonda pa mphindi iliyonse. Ndinaikapo kena kotere. Mwana anadina nyenyezi yowala poganiza kuti ndi mphotho yake, foni n'kuyamba kuchita dawunilodi masewera ena a akuluakulu, ndipo bandulo ya sabata yonse inathera pomwepo nsima isanapse.

Msinkhu, nthawi ndi kutseka foni

Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo oti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kucheperako kuli bwino. Ndikudziwa kuti mayi amene akuphika, wina ali kumsana, wina akukoka chitenje, foni ndiyo imamupatsa mpata wopuma. Sindimuweruza. Koma kwa khanda la chaka chimodzi palibe app yophunzitsa, kaya alembepo zotani. Ameneyo amaphunzira pa nkhope yanu, pa chikho ndi supuni.

Wa zaka 3 ndi 4, makamaka amene amapita ku mkombaphala, mpatseni mabuku a African Storybook muli naye limodzi, ndi masewera owerengera a Khan kapena GCompris kwa mphindi 15 kapena 20. Wa zaka 5 ndi 6, amene akulowa Sitandade 1, nkhani yaikulu ndi maphatikizo a Chichewa, ndipo pamenepa khala ndi simenti zikuposabe app iliyonse imene mungaike pa foni yanu. Tabuleti ya kusukulu ikapezeka, ndiye bwino kwambiri. Wa zaka 7 ndi 8 wowerenga kale Chichewa ndiye wa Read Along ndi Duolingo ABC. Kwa a kunja zinthu zimatembenuka. Mwana wa ku Manchester Chingerezi achipeza kusukulu, mumsewu ndi pa TV, sachisowa. Chimene chikumuthawa ndi Chichewa, ndiye mabuku a Chichewa aja ndi amene akufunika usiku pogona, pamodzi ndi kuimbira agogo pa vidiyo kuti amuyankhulitse.

Chinthu chimodzi chimene makolo ambiri sachidziwa: mafoni a Android ali ndi njira yokhomera app imodzi pa sikirini kuti mwana asatulukemo. Imapezeka mu Settings, mbali ya Security, ndipo imatchedwa App pinning kapena Screen pinning. Pa iPhone imatchedwa Guided Access. Mukaiyatsa, mwana sangalowe mu WhatsApp kukatumiza zithunzi ku gulu la kutchalitchi, ndiponso sangafufute manambala a makasitomala anu. Pa foni imene ilinso chikwama cha ndalama za pakhomo, zimenezi si zamasewera. Ngati mwana ali ndi tabuleti yakeyake, Google Family Link imakulolani kuika malire a nthawi kuti izizima yokha, mkangano uzikhala pakati pa iye ndi tabuletiyo, osati inu.

Kunena za ma app opatsirana pa Xender kapena kwa anyamata oika nyimbo kumsika: kumapulumutsa bandulo, inde, koma simudziwa chimene chabwera nawo. Mabuku ndi mavidiyo patsiranani. App yeniyeniyo itengeni pa Play Store tsiku limene mwapeza Wi-Fi.

Pa foni ya mchemwali wanga tinachotsa timasewera tisanu ndi kamodzi, tinasiya ziwiri: African Storybook Reader yokhala ndi mabuku 12 a Chichewa, ndi Khan Academy Kids ya masamu okha. Nthawi yake ndi pamene mayi ake akupatsa moto mbaula madzulo, foni ili pa airplane mode, mkulu wake wa Sitandade 6 ali pambali. Mavawelo tinayambiranso pasimenti, ndipo zinatenga milungu itatu kuti asiye kunena "eyi". Ulendo wapitawu nditapitako, ndinapeza pakhoma la bafa palembedwa ndi khala "amai", y palibe, m wake ali ndi miyendo inayi. Mayi ake anali atatenga kale chidebe cha madzi kuti afufute, ine ndinawapempha kuti adikire kaye ndijambule.